Usiku Umene Anayala Masamba Mopingasa Msewu

Mayiyo anati dzina lake ndi Nakwenda, ndipo chimene anapempha chinali chaching'ono: kuti amuonetse mbali imene azimayi akukhala.

Esinati anayamba wacheuka, poganiza kuti mwina akulankhula ndi wina kumbuyo kwake. Kunalibe munthu. Kunali msewu wokhawokha, wakuda bii, wotsetsereka kuchokera ku Dedza. Nthawi inali itapitirira leveni koloko usiku. Mayiyo sanavale nsapato. Anamanga duku lakuda, ndi chitenje chofwifwa pamwamba pa chinzake.

"Pano ndi pantchito, mayi," anatero Esinati motsitsa mawu, monga ankalankhulira masiku onse. "Tikusuntha mapaipi a madzi."

"Eya, ndaona," anatero mayiyo. "Ndiye ife tikhala uku."

Anawoloka msewu n'kukakhala pa udzu, pamene kuwala kwa magetsi a jenereta kunkathera. Anatambasula miyendo, n'kuika manja pamaondo.

Koma nkhaniyi inayamba madzulo, ndi makoni.

Msewu waukulu unkakuzidwa pamtsetse umenewo, ndipo mapaipi akale odutsa pansi pa tala anayenera kusunthidwa. Masana magalimoto amachuluka, choncho kampani inkagwira usiku. Ankatseka mbali imodzi ya msewu n'kukumba ngalande yozama kupitirira msinkhu wa munthu, magalimoto n'kumadutsa mbali inayo mosinthana. Esinati ankaima kumtunda ndi mbendera yofiira, Fanuwelo kumunsi ndi yake, pakati pawo mtunda ngati mabwalo awiri a mpira. Ankalankhulana pa kawailesi ka m'manja kamene onse ankakatcha ovaova. Wina akatsegula, wina amatseka. Ntchito yake inali yomweyo basi, koma kuiphonya kamodzi anthu amafa.

Makoni ofiira otchingira msewu ankachepa usiku uliwonse. Ena ankati anthu amatola kukathirira chimanga m'matumba. Tsiku limenelo anatsala atatu okha, ndipo kapitawo, a Gwaza, analibe nthawi yodandaula.

"Lole ikafa panjira amaikapo chiyani? Si masamba? Fanuwelo, tenga chikwanje!"

Fanuwelo anali munthu wa pakamwa posatopa, koma ntchito ankaigwira mwaudongo. Anadula nthambi za kesha zamasamba obiriwira, n'kuziyala bwinobwino pamzere, mopingasa mbali yotsekedwayo, kumtunda mzere umodzi, kumunsi mzere wina.

A Sandifolo, mkulu wa imvi amene ankakumba pafupi ndi paipi, anaima n'kuyang'ana kwa nthawi.

"Si mmene amayalira masamba a galimoto yakufa amenewo," anatero. "A galimoto amaponya apa kamulu, apo kamulu, motsatira msewu. Inu mwapingasa kumtunda ndi kumunsi. Amenewo ndi masamba a maliro."

"Masamba ndi masamba, madala," anatero a Gwaza. "Lowani m'dzenje, nthawi ikutha."

A Sandifolo ndi amene ankalowa pansi chifukwa katapila sankaloledwa kuyandikira paipi yakale, ndipo m'gulu lonse panalibe wina wodziwa kuimva paipi ndi nsonga ya piki asanaiboole. Asanatsike usiku umenewo, anagubuduza mwala wosalala mpaka pamene Esinati ankaima, kuti azikhalapo magalimoto akatha. Tsiku loyamba la Esinati pantchito, a Gwaza atamukalipira pagulu chifukwa cholankhula ngati udzudzu pa ovaova, anali a Sandifolo amene anadutsa pafupi n'kumuthira mtedza wokazinga m'thumba la jekete, osamuyang'ana n'komwe.

Cha m'ma teni, a Gwaza ananyamuka ndi anyamata onse pa lole kukatenga mapaipi atsopano ku kampu. Pamsewu panatsala anthu atatu: Esinati kumtunda, Fanuwelo kumunsi, a Sandifolo pansi. Kenako kunabwera aNakwenda.

Patapita kanthawi mayi uja atakhala pansi, kunatsika minibasi ikuliza nyimbo mwaphokoso. Itafika pa masamba, dalaivala anazimitsa wailesi, n'kutulutsa mutu pawindo.

"Pepanitu, achemwali," anatero mwaulemu, n'kudutsa pang'onopang'ono.

Esinati anafuna kumuuza kuti palibe chopepesa, koma minibasiyo inali itadutsa kale.

Kenako kunabwera bambo wa panjinga. Esinati sanamve kulira kwa tcheni, anangoona munthu wafika. Bamboyo anatsika panjinga, anavula chipewa n'kuchipana m'khwapa, n'kuyamba kukankha njingayo kulowera kumunsi. Esinati anadina ovaova.

"Achimwene, kukubwera wa njinga, akukankha."

Anadikira. Anawerenga mumtima mpaka handiredi.

"Wa njinga wako uja wakwera kumwamba kapena?" anatero Fanuwelo. "Kuno sikunafike ngakhale galu."

Esinati anayang'ana kumene kunakhala aNakwenda. Azimayi analipo anayi tsopano. Sanaone pamene atatu enawo anafikira. Onse anatambasula miyendo mofanana, mitu yowerama. Mbali ina ya msewu, kuseri kwa mulu wa dothi lofukulidwa m'ngalande, kunali zinthu zakuda zimene poyamba anaziyesa migolo. Umodzi wa migoloyo unatsokomola.

Mphepo ya ku Dedza imaluma, koma usiku umenewo inaleka. Masamba a pamsewu anangoti zii, osagwedezeka. M'malo mwake kunabwera fungo la utsi wa nkhuni zaziwisi, ngakhale kuti moto sunkaoneka paliponse. Jenereta inkalirabe, koma phokoso lake linkamveka ngati aifunditsa bulangete.

"Ndani watenga fosholo yanga?" anafuula a Sandifolo kuchokera pansi. "Ndinaiika pomwepa!"

Piki inayambanso kugogoda, koma mwaulesi.

Anthu ankabwerabe. Ankatulukira mumdima awiriawiri, ena okha, azimayi kupita uku, azibambo uko, popanda wowauza. Miyala ya m'mbali mwa msewu imalira munthu akaiponda, Esinati ankaidziwa bwino, koma kwa amenewa sinkalira. Nkhope zawo zinkakhala nthawi zonse kumene kuwala sikufika. Iye anakanikiza mbendera pachifuwa, n'kumadziuza kuti ndi anthu a m'mudzi wapafupi amene asokonezeka ndi masamba, ndipo akatopa apita.

Ovaova inakhosomola, kenako kunamveka kuseka kwa Fanuwelo.

"Chemwali, uli maso? Kuno kwafika madala wina wa jekete la asilikali akale. Akuti, 'Maliro ndi a ndani?' Ine ndati, 'Ndi a Sandifolo, simukuwaona ali kale m'dzenje?' Wandithokoza mpaka kuwomba m'manja! Mawa ndiwauza madala kuti anthu awalira ali moyo."

Esinati sanaseke. Kawailesiko kanali kukhutu kwake, kolira motsika, ndipo azimayi aja anali patali ndithu. Komabe anaona aNakwenda akutembenukira kwa mnzawo wa kumanja.

"Akuti ndi a Sandifolo."

Mnzawoyo anauza wina, winayo anauza wina. Dzinalo linayenda mumzere wonse ngati madzi mu udzu, linawoloka msewu, linakafika kwa azibambo. Kenako nyimbo inayamba. Inalibe mawu oti munthu n'kuwagwira. Inali yapansipansi, ya pakamwa potseka, yonga imene amaimba anthu akatopa kulira m'bandakucha. Piki inasiya kugogoda.

"Bambo Sandifolo!" anaitana Esinati. Mawu ake sanapite patali.

Wogwira mbendera sachoka pamalo ake, ndilo linali lamulo loyamba la a Gwaza. Koma pa nthawi yomweyo kunatsika thiraki yaikulu ya makontena, mabuleki akufwenthera. Esinati anaiimitsa, n'kudina ovaova.

"Achimwene, tsekani. Musatsegule mpaka ndinene."

"Bwanji kodi?"

"Tsekani basi."

Anathamangira ku ngalande. Makwerero amene a Sandifolo anatsikira anali atatulutsidwa, atagonekedwa bwinobwino pambali. Pamulu wa dothi panali mafosholo anayi, ozikidwa chilili pamzere, ngati akudikira manja. Kuseri kwa muluwo azibambo anayi anali ataimirira, atapinda manja a malaya.

Esinati anawalitsa tochi pansi. A Sandifolo anali atakhala, atatsamira khoma la ngalande, chisoti chili pamiyendo. Dothi linkayoyoka pang'onopang'ono kuchokera m'khoma, n'kumagwera pamapewa awo, iwo osalisasa.

"Bambo, tulukani!"

"Ndi iwe, mwana wanga?" Mawu awo anali a munthu amene tulo tamugwira. "Ndangozizidwa pang'ono. Ndigone kaye."

Esinati anakoka makwerero. Anali olemera, anamusupula chala, koma anawatsitsa mpaka anagunda pansi pafupi ndi phazi lawo.

"Kwerani, bambo, chonde."

A Sandifolo anayang'ana makwererowo, kenako anapendeketsa mutu kumvetsera nyimbo.

"Anthu abwera kuchokera kutali," anatero mofatsa. "Si bwino kuwakhumudwitsa."

Esinati sakanatha kuwanyamula. A Gwaza sakanabwera isanakwane thuu koloko. Mmodzi wa azibambo aja anatambasula dzanja n'kugwira mpini wa fosholo, osaizula, kungoigwira.

Masamba ndiwo anaitana anthuwa. Masamba a maliro sachotsedwa mwambo usanathe, ndipo malinga ali pamsewu, anthu amakhalabe. Koma kuwachotsa kunali kusiya dzenje lapululu pamtsetse, mumdima, munthu ali m'kati, mathiraki akutsika ndi katundu. Esinati anathamanga kubwerera kumtunda, n'kumenya chitseko cha thiraki ija ndi ndodo ya mbendera.

Dalaivala anali bambo wonenepa wa chipewa cha ubweya. Anatsitsa galasi pang'ono chabe.

"Bambo, ndithandizeni. Imikani galimoto yanu mbali yotsekayi, kutsogolo kwa masamba, muyatse magetsi onse ophethira. Musachokepo."

Bamboyo anamuyang'ana, n'kuyang'ana ku udzu.

"Mwana iwe, ine sindikuona munthu kumeneko. Nanga akuimbawo ndani?"

"Chonde, bambo."

Sanafunsenso. Anachita chizindikiro cha mtanda, analiza injini, n'kuipingasa thirakiyo pamene anauzidwa. Magetsi achikasu anayamba kuphethira, kuwala, kuzima, kuwala, kuzima, ndipo pa kuwala kulikonse Esinati ankaona kuti anthu a pa udzu ndi ochuluka kuposa mmene ankaganizira. Ankafika mpaka m'munda wa chimanga.

"Achimwene!" anakuwa mu ovaova, ndipo iye mwini anadabwa ndi kukula kwa mawu ake. "Chotsani masamba onse! Ikani makoni atatu aja. Mukatha bwerani kuno mothamanga!"

Fanuwelo anayankha, nthabwala zonse zitamuthera.

"Chemwali, madala uja sakuchoka. Wangoima kumbuyo kwanga. Sakupuma mpweya, chemwali."

"Musamuyang'ane. Chotsani!"

Esinati anagwira nthambi yoyamba n'kuikokera kunja kwa msewu. Inali yolemera ngati yonyowa. Yachiwiri, yachitatu. Pa nthambi iliyonse nyimbo inkachepa, ngati anthu akutuluka m'nyumba mmodzimmodzi. Manja ake anatuluka magazi, koma sanaime. Atagwira yomaliza, inakana. Anakoka ndi mphamvu zonse, inakanabe. Atakweza maso, anaona phazi lopanda nsapato litaponda kunsonga kwake.

Esinati anagwada pa tala pomwepo, monga anaphunzitsidwira kwawo, n'kuwomba m'manja katatu.

"Mayi, tikupepesa. Palibe amene wamwalira pano. Makoni athu anasowa, ndiye tinalakwitsa kayalidwe ka masamba. Mwavutika ulendo pachabe."

"Pachabe?" anatero aNakwenda. Sanakwiye. Analankhula ngati munthu amene akufuna kumvetsa. "Ife sitibwera tokha, mwanawe. Timaitanidwa. Ndipo dzina tapatsidwa."

"Anali macheza, mayi."

"Macheza." Anakhala ngati akulawa liwulo. "Pakamwa pamene panatulutsa dzinalo pabwere padzalitenge."

Kunamveka magambutsi akuthamanga pa tala. Fanuwelo anafika ali wefuwefu, chisoti chitagwera panjira. Ataona Esinati ali chogwada, nayenso anagwa pamaondo.

"Ndine ndinanena, mayi. Ndinanama. A Sandifolo ali moyo, alibe ngakhale chimfine. Ndi pakamwa pangapa, pamandipweteketsa kuyambira kale. Ndabweza mawu anga, ndabweza!"

Nyimbo inaleka. Chete amene anatsatira anali woopsa kuposa nyimboyo. Kuchokera ku mulu wa dothi kunamveka fosholo imodzi ikugwa.

"Wabweza," anatero aNakwenda. Anawerama pang'ono, ndipo fungo la dothi lonyowa linawakuta onse awiri. "Uli ndi ulemu, mwana wa anthu. Dzenje lakumbidwa kale, lokongola. Paja iwe dzina lako ndani?"

Munthu wamkulu akakufunsa dzina, pakamwa pamatseguka pokha. Esinati anamva Fanuwelo akukoka mpweya.

"Ndine Fa…"

Dzanja la Esinati, lamagazi lomwelo, linafika pakamwa pake n'kupatseka zolimba, mpaka mano ake anamuluma chikhatho. Sanachotse.

ANakwenda anatembenukira kwa iye. Magetsi a thiraki anawala, anazima, anawala, koma nkhope yawo sinaoneke ngakhale kamodzi.

"Nanga iwe?"

Esinati anayang'ana pansi. Analuma mlomo, n'kumangoyang'ana timiyala ta mu tala. Sanadziwe kuti anakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Dalaivala uja ananena pambuyo pake kuti anaona anthu awiri atagwada pamsewu wopanda kanthu kwa mphindi zoposa khumi.

"Chabwino," anatero aNakwenda pomaliza. Anachotsa phazi, anawerama, n'kutola nthambi ija ngati yopepuka. "Iyi nditenga. Ntchito yanu pano sinathe, eti?"

Anaiika paphewa n'kuwoloka msewu. Udzu unali wopanda munthu. Mphepo ya ku Dedza inabwerera nthawi imodzi, jenereta n'kuyambanso kusokosa.

"Kodi anthu inu mwagona?" Anali a Sandifolo, mutu utatulukira pamakwerero, akusasa dothi pamapewa. "Mafosholo onse mwatulutsa, ine ndizikumba ndi zala?"

Anaponda phazi limodzi kunja, kenako linalo. Asanawongoke n'komwe, khoma la ngalande linagumuka kumbuyo kwawo ndi mkokomo umodzi, n'kukwirira piki, chisoti ndi theka la makwerero. A Sandifolo anacheuka n'kuyang'ana fumbilo.

"Ndinawauza a Gwaza kuti dothi ili likufuna matabwa," anatero. Za nyimbo sankakumbukira kalikonse, ndipo palibe anawauza.

A Gwaza atafika anakalipa za msewu wotsekedwa, koma ataona ngalande anasiyira pakati. Kutacha, onse anaona kuti udzu wa mbali zonse ziwiri wagona m'mizere, mpaka m'munda wa chimanga, monga umachitira pamene pakhala anthu ambiri usiku wonse. Tsiku lomwelo ku kampu kunachokera makoni atsopano makumi atatu ndi matabwa otchingira makoma, ndipo za masamba palibe anazitchulanso.

Koma paipi inali isanasunthidwe. Panatsala mausiku asanu ndi anayi, ndipo munthu anayenera kutsikabe pansi.

Madzulo otsatira, Esinati anapeza Fanuwelo atafika kale, iye amene ankachedwa masiku onse. Anali atavala chisoti n'kumanga lamba wake pachibwano. A Sandifolo atatambasula dzanja kuti atenge piki yatsopano, anapeza kuti m'dzanjamo mwaikidwa mbendera yofiira.

"Ichi n'chiyani?"

"Msana wanga ukufuna ntchito, madala. Ndanenepa ndi kuimirira."

"Iwe? Paipi uidziwa iwe? Uiboola tisambe tonse."

"Muzindikuwira muli pamwamba. Pakamwa muli napo."

A Sandifolo anayang'ana a Gwaza, a Gwaza anayang'ana kumbali. Mkuluyo anapukusa mutu, n'kuyamba kutsetsereka kumunsi ndi mbendera yake, akung'ung'udza za ana a masiku ano.

Fanuwelo anatsala pamphepete pa ngalande. Anayang'ana ku udzu wogona uja, kenako kwa Esinati.

"Chemwali," anatero motsitsa, "ukafuna kundiitana usiku, usatchule dzina, uzingoti 'inu a pansi'."

Esinati anagwedeza mutu. Fanuwelo anagwira makwerero. Anaima pa sitepe yoyamba kanthawi, ngati munthu woyesa kuzizira kwa madzi ndi phazi. Kenako anatsika.